Palamba Sathirapo Mafuta

1

Pa Chipoka panalibe nyumba yotchuka ngati yathu. Anthu opita kunyanja ankayenda pang'onopang'ono akafika pampanda wathu kuti amveko nyimbo za kwaya zochokera pabalaza pathu. Amayi akumvano ankandiuza kuti, "Eliza, iwe ndiye unakwatiwa kumwamba." Ine ndinkamwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa, poti mbali inayo nthawi zambiri inkakhala yotupa.

Kwathu ndi kwa Maganga. Pa Chipoka ndinabwera chitengwa nditakwatiwa ndi a Yesaya, otsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, bambo wa mawu okoma ndi malaya osita bwino. Ine ntchito yanga inali kukazinga usipa n'kumagulitsa kumsika.

A Yesaya anakhalitsa ku Joni, akugwira ntchito kwa mzungu wina wokalamba wokonda nyimbo. Mzunguyo posamuka anawasiyira makina ake oimbira zimbale za CD. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga zamoto ndi mafiriji, koma amuna anga anabwera ndi mabokosi atatu achitsulo ndi masipika awiri ofika m'chiuno. Mlendo aliyense, afune asafune, ankayamba waphunzitsidwa za makinawo asanapatsidwe madzi akumwa.

"Iyi si wailesi," ankatero. "Bokosi lapamwambali silitulutsa mawu ayi. Ntchito yake ndi imodzi, kuzungulitsa chimbale n'kuchiwerenga. Likawerenga limapatsira linzakeli, linzakeli n'kupatsira ampulifaya, bokosi lokweza mawu."

"Chibokosi chonsechi kungozungulitsa basi?" anafunsa tsiku lina a Binali, aneba athu, asodzi a ukonde wa chilimira. "Ndiyetu n'chaulesi kuposa alamu anga."

A Yesaya sanaseke. Anakankhira kumbuyo chivindikiro chapamwamba, n'kukhazika chimbale. Pamwamba pa chimbalecho anasanjikapo chitsulo chozungulira chamkuwa, cholemera ngati mwala wa pasikelo, choti chimbale chisagwedere. Kenaka anatukula kachitsulo kapambali n'kuonetsa kalamba kakuda kopyapyala.

"Chinsinsi chili apa. Makina wambawa, injini imakhala pansi penipeni pa chimbale, ndiye ikanjenjemera chimbale nacho chimanjenjemera. Awa injini anaiika pambali. Kalamba aka ndi kamene kamakoka, ndipo kunjenjemera konse kamameza, osakufikitsa kunyimbo." Apa anandiyang'ana. "Mkazi wabwino amateronso."

Alendo anaseka, inenso ndinaseka nawo.

2

Makina a lamba ali ndi khalidwe lake. Ukadina batani nyimbo siyamba pompo. Lamba amayamba wakoka chitsulo cholemera chija mpaka chimbale chifike paliwiro lake, ndiye pamakhala kamphindi ka zii. A Yesaya ankati kamphindi kameneko ndi ulemu wa nyimbo.

Zinkayamba chonchi. Chitseko ankachikhoma, mawindo n'kutseka. Ndinkamva chivindikiro chikutsetsereka, kenaka chitsulo chija chikukhala pachimbale kuti gu. Kenaka zii uja. Kwaya ikangoyamba, ankapotokola ampulifaya mpaka kumapeto, n'kutembenukira kwa ine akupinda manja a malaya.

Sankadikira mdima. Ankamenya masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pikitipikiti panja. Magetsi kuzima sikunkandipulumutsa, poti anagula batire ndi sola. Chifukwa sichinkasowa: mchere wachuluka, ndaseka ndi kondakitala, ndayankha mochedwa, ndayankha mofulumira.

Mimba yanga yoyamba inathera pasimenti ya pabalaza pomwepo, kwaya ikuimba za mtendere. Anandiponda pamimba ndi nsapato yopitira kutchalitchi. Nditatuluka kuchipatala ndinathawira kwa Maganga, ndipo amalume anga, omwe anali ankhoswe, anabwera nane pa Chipoka kudzakamba mlandu.

A Yesaya analira misozi yeniyeni. Anati ndinaterereka pamiyala kunyanja.

"Alipo amene anamva kapena kuona?" anafunsa amalume.

Anaitana a Binali. Bambo aja anakanda m'mutu, maso ali pansi. "Wallahi, pali Mulungu, ine sindinganame. Tsiku limenelo tinangomva nyimbo."

Akazi awo, a Layla, nawonso anati nyimbo. Mudzi wonse unangomva nyimbo. Amalume anandikokera pambali n'kundiuza kuti banja ndi kupirira, ndipo popanda mboni iwo sangapasule nyumba ya munthu wa Mulungu. Anakwera njinga yawo, ine n'kutsala. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukuwa akamandimenya, poti kukuwa kunkangondithera mpweya.

3

Panali munthu mmodzi amene ankadziwa zonse, ndipo ameneyo ndinkadana naye kuposa mwini nkhonya. Ndikunena apongozi anga, mayi Nambewe.

Ankakhala m'kanyumba kakuseri, koma tsiku lonse ankakhala pakhonde pathu ndi makina awo osokera, aja opalasa ndi phazi. Anali telala wa zaka zambiri, wogontha khutu lakumanzere, wa lilime lakuthwa ngati lumo. Chibwerere changa sanandiuzeko mawu okoma.

"Kodi kwanu kunagwa njala yanji kuti uzikakamira pano?" ankandifunsa. "Atsikana anzako ali ndi miyendo."

Tsiku lina ndinafuna kuwakondweretsa. Ndinatenga kabotolo kawo ka mafuta n'kuyamba kudonthezera m'makina osokerawo, monga ndinkawaonera iwo akuchita. Dontho limodzi linagwera palamba. Ananditchaya padzanja mwamphamvu mpaka kabotolo kanagwa.

"Palamba sathirapo mafuta, iwe. Amaterereka. Upalasa mpaka mwendo kutupa, singano osayenda. Kwanu anakuphunzitsa chiyani?"

Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi ichi. Chitseko chikakhomedwa, kwaya n'kuyamba, makina osokera ankaleka kulira. Kangapo ndinawaonera pakampata ka katani ndili pansi. Ankakhala duu, manja pamiyendo, mutu atapendeketsa, khutu labwino lija ataloza kuwindo. Ndinkati mumtima, mfiti iyi ikumvetsera nyimbo za mwana wake. Ndinkawapempherera zoipa, ndipo sindibisa.

4

Chaka chotsatira ndinaimanso. Mimba itayamba kuoneka, m'nyengo ija yotentha imene ngakhale mbuzi zimasowa pogona, makina a a Yesaya anayamba matenda. Chimbale chinkazungulira, kwaya n'kuimba mzere umodzi, n'kuchita chibwibwi, n'kuleka. Anapukuta zimbale zonse ndi mpango wa m'thumba, koma sizinathandize. Masiku amenewo ndinagona tulo, chifukwa popanda nyimbo bambo aja ankangotukwana chapansipansi.

A Yesaya anakana kuwakweza minibasi makinawo, ati mabampu angawaphe. M'malo mwake anaitanitsa Idi, wokonza mawailesi ku boma. Idi anali munthu waulemu, wa kandevu ndi kofiya yoyera. Nditamugwadira ndi madzi akumwa anati, "Zikomo achemwali," ndipo ndinaona diso la a Yesaya likutsatira kapuyo kuchoka m'manja mwanga mpaka kukamwa kwake.

Idi anatukula kachitsulo kapambali kaja, n'kugwira lamba ndi zala ziwiri, n'kuzinunkhiza.

"Bwana, makinawa ndi abwinobwino. Lambayu wamwa mafuta, watupa, ndiye akuterereka. Ndani amathira mafuta apa?"

"Palibe amakhudza makina anga."

"Basi, kaya ndi utsi wa zokazinga, kaya ndi nsanza yamafuta. Koma mafuta ndiwo alipo."

Anatsuka timawilo ndi sipiriti, n'kuikapo lamba wina amene anabwera m'katoni kuchokera ku Joni. "Ameneyu ndi womaliza. Mumusamale, kuno simungamupeze."

Manja anga ankakhala amafuta tsiku lililonse chifukwa cha usipa, ndipo kamodzi ndinapukutako fumbi pabokosilo iwo atachoka. Ndinakhulupirira ndithu kuti wolakwa ndine.

Idi asanafike n'kumsewu komwe, chitseko chinakhomedwa. Lamba watsopano anakoka bwino kwambiri.

"Ndi dzanja liti?" anafunsa a Yesaya.

Ndinabisa manja onse kumbuyo. Anagwira lamanja, n'kundikokera kuchitseko chakuchipinda. Anaika chala changa chamkombaphala pamphako ya chitseko, n'kuchitseka ndi bondo. Kuthyoka kwa fupa ndinakumvera m'mano.

"Ukuononga makina dala kuti chibwenzi chako chizibwera m'nyumba mwanga. Achemwali, achemwali. Ndikuonetsa uchemwali."

Madzulo ake apongozi anandipeza kuseri kwa bafa. Sanandifunse kanthu. Anathyola kamtengo, n'kung'amba kansalu, n'kumanga chalacho.

"Pita kwanu, Eliza," anatero osandiyang'ana.

"Kuti amalume adzandibwezenso? Kondwani amayi, nyumba ya mwana wanu ikuimbanso."

Anabwerera kumakina awo.

5

Loweruka lina Idi anandiona kumsika. Anayang'ana chala changa chomangacho n'kufunsa chachitika n'chiyani. Ndinati chitseko. Anapukusa mutu n'kupita. Zinali zomwezo basi, koma pa Chipoka nkhani imayenda mofulumira kuposa njinga yamoto, ndipo pofika madzulo a Yesaya anali atamva kuti ndinagwirana manja ndi Idi pakati pa msika.

Sanandifunse. Anadya bwinobwino, akuimba chamumtima. M'mawa wa Lamulungu apongozi anati mutu ukuwapweteka, sapita kutchalitchi. Ife tinapita. A Yesaya anaimbitsa kwaya mokoma mpaka amayi ena anagwetsa misozi.

Titabwerako masana, a Binali ndi anzawo anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mpanda, akusoka ukonde. A Yesaya anawapatsa moni mwansangala. Titangolowa anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Kuseri kwa mpando anatulutsa chidutswa cha payipi yamadzi chimene anachidula kale n'kuchisunga.

Chivindikiro chinatsetsereka. Chitsulo chinati gu. M'kamphindi ka zii kaja ndinagwada pakona, n'kukumbatira mimba yanga, msana n'kuupereka.

Kwaya inayamba, payipi nayo inayamba. Yoyamba inatera pamapewa, yachiwiri m'khosi, yachitatu inang'amba khutu. Ndinaluma chitenje. Anandigwira tsitsi n'kundikokera pakati pa balaza, akufuna kunditembenuza chagada. Ndinadziwa chimene phazi lawo linkafuna, ndipo ndinakakamira mwendo wa tebulo ndi dzanja lothyoka lomwelo.

"Mimbayi ndi ya ndani? Ndi ya wamawailesi uja?"

Sindinazindikire nthawi imene kwaya inayamba chibwibwi. Iwonso sanazindikire, poti mkwiyo unali utawatseka makutu. Ankakuwa ndi mawu onse a wotsogolera kwaya, monga anazolowera kukuwa pamwamba pa masipika.

"Yoyamba ija ndinaichotsa ndi phazi lomweli, anandichita chiyani amalume ako? Iyinso ituluka lero. Ukafa ndikakuimbira ndekha pamaliro."

Mawuwo anagunda makoma n'kubwerera okha. M'nyumba munalibe nyimbo. Kenaka pawindo panamveka kumenya kwa chikhatho, ndi mawu a apongozi anga, mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Lira, Eliza! Lira mokweza mwana wanga, nyimbo yatha!"

Ndinalavula chitenje chija. Kukuwa kumene ndinasunga nthawi yonse ija kunatuluka kamodzi, moti ine ndemwe ndinachita nako mantha.

A Yesaya anathamangira kumakina, n'kudina batani, n'kudinanso. Chimbale chinkangozungulira mwaulesi, injini ikulira yokha pansi pa lamba woterereka. Panja panamveka mapazi ambiri. Chitseko chinagundidwa ndi nkhafi, kachiwiri, kachitatu, loko n'kuthyoka.

Amuna anga anazula chitsulo chamkuwa chija pachimbale n'kuchiponya ndi mphamvu zonse kwa munthu woyamba kulowa. Ankaganiza kuti ndi a Binali. Koma apongozi anga anali atadutsa pansi pa mikono ya amuna onse kuti afike kwa ine. Chitsulocho chinawapeza pamphumi. Anagwa pambali panga osatulutsa mawu, magazi awo n'kusakanikirana ndi anga pasimenti.

Asodzi anawagwetsa a Yesaya n'kuwamanga ndi chingwe cha ukonde. A Binali anaima pakati pa balaza, nkhafi ili m'manja.

"Tamva," ankangobwereza. "Lero tamva tonse."

6

Kuchipatala ku boma anatigoneka mabedi oyandikana. Anamwino atandiuza kuti mtima wa mwana ukugunda, ndinalira mpaka kutsamwa. Apongozi anatsitsimuka tsiku lotsatira, mutu uli m'mabandeji, diso limodzi litatsekeka.

Kunabwera wapolisi wamkazi kudzalemba nkhani, ndipo pambuyo pake panali amalume anga ndi achimwene awo a a Yesaya. Alamu angawo anabwera ndi nkhani yawo yokonzakonza.

"Mkaziyu ndiye gwero. Ankathira mafuta m'makina kuti chibwenzi chake chizibwera kudzakonza. Mwamuna aliyense akanapsa mtima."

"Khala chete, iwe," anatero apongozi.

Anafufuza pamfundo ya chitenje chawo, n'kumasula pang'onopang'ono. Pabulangete panagwa kabotolo ka mafuta a makina osokera.

"Lembani, mayi wapolisi. Wothira mafuta ndine. Kawiri konse."

Ine ndinadzuka, ululu ndinauiwala. "Inu amayi? Inu amene munandimenya padzanja chifukwa cha dontho limodzi?"

"Ndiye ukuganiza kuti ndinathira mosadziwa? Ndakalambira palamba ine." Anapuma kaye. "Koyamba ndinachulutsa, makina anafa msanga, wokonza n'kubwera. Chala chakocho ndinathyola ndine, Eliza, ndipo ndidzapita nacho kumanda. Kachiwiri ndinaphunzira. Nditamva za kumsika zija ndinadziwa kuti Lamulungu likhala tsiku lake, poti akamaimba chamumtima ndimamudziwa, ndinabereka ndine. Muli kutchalitchi ndinapaka pang'ono chabe, ndi nsonga ya singano, kuti nyimbo iyambe, iye akhulupirire, kenaka lamba akatenthedwa aterereke."

"Bwanji simunangonena?" anafunsa amalume.

Apongozi anawatembenukira ndi diso lotsala lija. "Inu munabwera, munaitana aneba. Ine munandifunsa? Munati mayi sangachitire umboni mwana wake. Ndinapita ndekha kwa akulu ampingo, anandiuza kuti nkhalamba yolongolola ikufuna kuipitsa mwana wake wakwaya. Ndinalankhula ndi mwini wakeyo, anandiuza kuti andisamutsira kumudzi, ndipo mtsikanayu akanatsala yekha. Mawu a gonthi mmodzi ndani akanawamva? Ndinkafuna makutu a mudzi wonse."

Kenaka anagwira khutu lawo lakumanzere.

"Ili silinagonthe ndi malungo. Bambo ake a Yesaya anali ndi wailesi ya mabatire. Ankaikweza chimodzimodzi, Yesaya ali kamwana, atakhala pakhomo akuonerera. Pakhonde paja sindinkamvera nyimbo, Eliza. Ndinkamvetsera ngati ukupumabe."

"Nanga kundinyoza konse kuja?"

"Ndinkafuna uthawe. Ine palibe anandithamangitsa, n'chifukwa chake ndinakhala mpaka khutu kufa."

Ndinatsika pabedi, n'kugwada, n'kuika mutu pamiyendo yawo. Ndinkafuna kupepesa mapemphero oipa aja. Iwo anangondisisita tsitsi pamene panali posazuka.

7

Kukhoti a Binali, a Layla ndi asodzi onse anabwereza mawu amene anamva tsiku lija. Womaliza kuima anali mayi Nambewe, chipsera chili pamphumi. A Yesaya anawayang'ana n'kunena kuti, "Amayi, ndine mwana wanu." Iwo anayankha kuti, "Ndikudziwa," n'kupitiriza umboni. A Yesaya ali kundende.

Musaganize kuti nkhalambayo inapambana kanthu. Abale awo anawatenga ngati mfiti yodya mwana wake, ndipo kanyumba kaja anawalanda. Ndinawatenga ine. Kwa Maganga anthu amadabwa kuona mkazi wosiya banja akusunga apongozi, koma ine ndimawasiya adabwe. Mwana anabadwa wamkazi, agogo ake anamutcha Chikhulupiriro. Makina osokera ali pakhonde pathu, ndipo ine ndikuphunzira, ngakhale chala chokhotachi chimandivutitsa polowetsa ulusi. Lilime lawo silinabunthe, dzulo lomweli anandiuza kuti ndimasoka ngati ndikuthawa galu. Mwezi ukatha amaphika nsomba n'kukwera minibasi kukaona mwana wawo kundende, ndipo pobwera samalankhula mpaka mawa lake.

Makina a nyimbo aja anatenga alamu anga. Ndikumva kuti angokhala pashelefu atafunditsidwa nsalu, poti lamba wake kuno sapezeka.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi aneba a nyumba yosangalala, kumene nyimbo zimakwera mwadzidzidzi mawindo ali otseka kunja kukutentha. Mwina mumadutsa mukuvomereza nyimboyo, monga ankachitira anthu abwino a pa Chipoka. Sindikuwaimba mlandu, anali ndi makutu ngati anu omwewo. Koma ine pondipulumutsa panafunika kuti mayi apereke mphumi yake ndi mwana wake yemwe, ndipo si nyumba iliyonse ili ndi telala pakhonde. Musadikire kuti lamba aterereke. Pitani mukagogode, mukapemphe ngakhale mchere, ndipo amene akutsegulireni mumuyang'ane kumaso.